Mbiri ya khola lathu la nkhuku ku Area 25

Bizinesi yathu ndi ya nkhuku. Khola lili kuseri kwa nyumba yathu ku Area 25, osati patali ndi msika wa Nsungwi. Eni ake ndife awiri, ine ndi bambo a kunyumba, ndipo pali mnyamata amene amatithandiza kusesa ndi kutunga madzi. Tinayamba mu 2019 ndi ndalama za ku banki m'khonde. Tinagula anapiye a tsiku limodzi, nkhuku zoyera zija zimene zimakhwima pa masabata asanu ndi limodzi ngati wazidyetsa bwino.

Ndine Mkhristu, ndipo khola lija ndinalipempherera tisanakhome msomali. Komatu pemphero langa linali ndi ndondomeko yake. Ndinalemba m'kope kuti pakatha zaka zisanu tidzakhale titagula malo kunja kwa tauni cha ku Mpingu, tili ndi makola akuluakulu ndi galimoto yonyamulira katundu. Usiku wolowa chaka chatsopano ndinkapita nalo kopelo kutchalitchi. Chakhumi sindinkaphonya. Mumtima ndinkawerengera kuti mbali yanga ndakwaniritsa, kwatsala mbali ya Mulungu.

Chaka choyamba zinayenda, moti ndinkaona ngati kumwamba asayinira. Mu 2020 kunabwera Covid, sukulu zinatsekedwa, maukwati ndi zinkhoswe zinachepa. Nkhuku yoyera siidikira kasitomala. Ikangopyola nthawi yake imangodya, kudya phindu lako ukuyang'ana. Tinagulitsa zambiri pangongole kwa anyamata a chiwaya, ena mpaka lero tikakumana amayang'ana kumbali.

Chaka cha 2022 ndiye chinatiphunzitsa masamu. Mu Januwale namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, magetsi n'kumazima maola ambirimbiri. Anapiye amafuna kutentha masabata oyamba, makamaka mu Juni ndi Julaye kuno ku Lilongwe, choncho tinkagonera kusonkhezera mbaula, makala nawonso atakwera mtengo. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Chakudya cha nkhuku chimadalira chimanga ndi soya, koma mankhwala, katemera ndi zina zosakaniza zambiri zimachokera kunja, ndiye thumba limene wagula lero mawa ukalipeza pa mtengo wina. Kasitomala wa ku Nsungwi naye malipiro ake sanakwere. Ukamuuza mtengo watsopano amangoti, "Mayi, ndingogula bonya."

Nthawi imeneyo ndi imene ndinayamba kukwiya ndi Mulungu, ngakhale pakamwa ndinkaimba bwinobwino m'kwaya. Ndinkaona anzanga amene Lamulungu amatsegula mashopu awo akugula malo, ine wa chakhumi ndikuwerenga nkhuku zakufa. Mlaliki wina wa pa wailesi ankati amene sakukolola ndiye kuti anabzala mbewu yochepa. Mawu otere amakoma ukapanikizika, chifukwa amakuuza kuti kiyi ali m'manja mwako. Ndinaganiza zokatenga katapila, ndiike anapiye owirikiza kawiri a Khirisimasi, ndiwonetse chikhulupiriro.

Apongozi anga anali atabwera kuchokera ku Dowa kudzaonana ndi adokotala. Ndi mayi a Chigwirizano, sakonda zolankhula zambiri. Nditawafotokozera, anapitiriza kusankha nyemba m'lichero, kenako anafunsa:

"Mwananga, kodi Mulunguyo anakulonjezani nkhuku zingati?"

Ndinati, "Amayi, si paja amati pemphani ndipo mudzapatsidwa?"

"Eya, pemphani. Koma inu simukupempha, mukulonjerera ngongole."

Mawu amenewo anandiwawa, chifukwa ntchito yolonjerera ngongole ndimaidziwa bwino. Ndimadziwa mmene munthu amaimira pakhomo pa mnzake amene anadya nkhuku yake osalipira. Ndimo mmene ndinkaimira pamaso pa Mulungu, kope m'manja.

Ndinafufuza m'Baibulo malo amene analonjeza za Mpingu ndi galimoto, sindinawapeze. Ndinapeza Yakobo 4:13-15, pamene akulankhula ndi ife a geni mwachindunji: anthu onena kuti lero kapena mawa tipita ku mzinda wakuti, tikakhala chaka, tikachita malonda n'kupindula, pamene za mawa sitikuzidziwa. Yakobo sakuletsa malonda, kapena kukonzekera. Akuti tizinena kuti Ambuye akalola tidzakhala ndi moyo n'kuchita chakutichakuti. Ndinapezanso anyamata atatu aja a pa Danieli 3, amene anauza Nebukadinezara kuti Mulungu wawo angathe kuwapulumutsa m'ng'anjo, koma ngakhale atapanda kutero, fano lija salipembedza. Ine mbali yoyambayo ndinkaidziwa pamtima. Yachiwiriyo ndinkaidumpha.

Katapila sindinatenge. Ena amayembekezera kuti apa ndinene kuti mawa lake kunabwera bwana wa hotela n'kugula khola lonse. Sizinatero ayi. Khirisimasi imeneyo tinagulitsa nkhuku zochepa, phindu lake linangokwana fizi ya mwana mmodzi. N'chifukwa chake sindikonda kuimirira pa nthawi ya maumboni, pakuti umboni umene anthu amauwombera m'manja ndi wothera pa kiyi wa galimoto. Ndipo ndimachenjera ndi mtima wanga, chifukwa kupereka zonse kwa Mulungu kungathenso kusanduka njira ina yomunyengerera kuti akupatse zomwe zija unkafuna.

Chimene chinasintha ndi kayendetsedwe ka khola. Pamene ndinaleka kuona kukula kwa bizinesi ngati chizindikiro choti Mulungu akundikonda, manyazi ochepetsa nkhuku anatha. Zoyera timaika zokhazo zimene tili ndi ndalama ya chakudya chake mpaka kumapeto, kuyambira starter, chakudya cha anapiye, kufika finisher, chakudya cha masabata omaliza. Mbali ina ya khola tinaikamo nkhuku za Mikolongwe, zakuda zija. Zimachedwa kukula, koma zimapirira, zimadya madeya ndi masamba, zimaikira mazira, ndipo ukapanda kuigulitsa sabata ino siikulowetsa m'mavuto. Katemera wa chitopa ndi gumboro sitizengereza naye. Kupemphera sikulowa m'malo mwa katemera. Ngongole kwa makasitomala tinachepetsa kwambiri, pajatu fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Chitosi chimene kale tinkangopatsa anthu, pano alimi a madimba ndi opanga manyowa a Mbeya amachita kuchilimbirana chikwerereni mtengo feteleza.

Chakhumi ndimaperekabe, koma sindilembanso m'mphepete mwake zimene ndikuyembekeza kubwezeredwa. Malo a ku Mpingu ndimawafunabe, ndipo ndimamuuza Mulungu poyera. Bambo a kunyumba amati mwina tidzagula, mwina adzagula ndi ana, mwinanso ayi. Masiku ena yankho limenelo ndimalilandira ndi mtendere, masiku ena limandiwawa, makamaka mu Okutobala kutentha kukagwetsa nkhuku zonenepa kale zoti mawa zipite kumsika.

Ofuna nkhuku za zinkhoswe kapena za Khirisimasi amatiuza mwezi ndi theka nthawi isanakwane, n'kuperekeratu theka la ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, kuti tiike anapiye molingana ndi maoda. Mazira a Mikolongwe amapezeka pafupifupi tsiku lililonse, koma amatha m'mawa.