Madzi pa maluwa a Fitch

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: kupukuta fumbi, kusikana (kujambula masamba a mabuku ndi makina a sikana), kulemba manambala, magetsi akazima n'kukhala pansi.

Lachitatu usiku kunagwa chimvula kuno ku Lilongwe. M'mawa potsegula chipinda chathu chosungiramo mabuku ndinaponda chithaphwi. Denga lomwe ndakhala ndikulilembera makalata chiyambire chaka chatha linadonthera pa shelefu imodzi yokha, ndipo inali ya Curtis's Botanical Magazine, mabuku akale a zithunzi za zomera amene tinapatsidwa. Anzanga a ntchitoyi mukudziwa: magaziniyi inayamba ku London mu 1787, ndipo mpaka 1948 chithunzi chilichonse ankachipaka utoto pamanja, chimodzichimodzi. Utotowo sugwirizana ndi madzi. Zambiri mwa zonyowazo n'za Walter Hood Fitch, yemwe anajambulira magaziniyi kuyambira 1834 mpaka 1877, katswiri woti ngakhale tiubweya ta pa phesi la duwa umatha kutiwerenga.

Alonda athu, mwa chifundo chawo, anali atatulutsa kale mabuku atatu n'kuwayanika padzuwa ngati ufa. Sindikuwada bambowa, palibe anawaphunzitsapo. Koma mapepala anali atakwinyika, ndipo kufiira kwa duwa lina kunayenderera mpaka kukaphimba dzina lake la Chilatini.

Ndinathamangira ku ofesi. "Bwana, tikufuna mapepala omwa madzi ndi fani lero lomwe. Pakatha masiku awiri zichita chuku."

"Mayi, si munasikana kale? Zotsalazo tingomata pulasitiki, zizioneka bwino."

Kumata pulasitiki yotentha pa pepala la zaka zoposa 140! Ndinangoti kukamwa yasa. Komanso sikana yathuyo n'njokalamba, chofiirira imachitulutsa chakuda. Akuti ndalama palibe. Chikhalirecho mawa lake galimoto inanyamuka wa ku Salima, ku msonkhano wa maalawansi.

Usiku tulo sindinatione, ndimangoganiza za John Kirk, katswiri wa zomera pa ulendo wa David Livingstone, amene zojambula zake za zomera zinapita ndi Zambezi mu 1860 bwato litagubuduka pa mathithi a Kebrabasa. Iye akanatha kuloza mtsinje. Ife tiloza malata awiri obooka.

Lachisanu ndinagula mapepala opukutira a kukhitchini ndi ndalama ya m'thumba mwanga, n'kuwalowetsa pakati pa masamba, ndikusintha akanyowa mpaka kuweruka. Buku limodzi lamatana, sindinaliyerekeze n'komwe kulitsegula. Pa shelefu paja taikapo ndowa.