Za ulendo wathu wa ku Greenwich ndi ku South Kensington kukaona mawotchi

Abale anzanga a pagulu lathu la okonda mawotchi, mwakhala mukundifunsa kuti lipoti lili kuti, ndiye nali, makamaka kwa inu amene mashifiti anakutsekerezani. Tinapita anthu 9, asanu tinanyamukira ku Manchester Piccadilly m'mamawa kwambiri, atatu anachokera ku Leicester ndi Coventry, ndiye achemwali athu a ku Croydon ndi amene anatidikirira pa Euston nkutilondolera njira tsiku lonse. Zikomo achemwali, popanda inu tikanangozungulira m'masitima apansi aja mpaka dzuwa kulowa.

Tinayambira ku Greenwich. Kaphiri kokwera kupita ku Royal Observatory, malo akale oonerako nyenyezi, sikakutali koma kamawawitsa mawondo, abambo athu aakulu a ku Leicester anapuma kawiri koma anakana zoti tiwasiye. Pageti pomwe pali wotchi yaikulu ya m'khoma ya mu 1852, ya manambala 24, ndiye ukayang'ana koyamba umasokonezeka chifukwa masana muvi waung'ono umaloza pansi. Ambiri amene amafika kumeneko amathamangira kukajambulitsa pamzere uja wa meridian, mwendo wina kum'mawa wina kumadzulo, ifenso tinajambulitsa, zithunzi ndatumiza kale. Koma ine pamzerepo ndimaganiza zoti nthawi ya kwathu ija, maola awiri kutsogolo kwa GMT (nthawi ya ku Greenwich), imawerengedwa kuchokera pamzere womwewu, umene mayiko anagwirizana mu 1884 kuti ukhale poyambira. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndiye kwathu tili cha m'ma 30 ndi kanthu kum'mawa, basi nkhani yake ndi yomweyo. Cha m'ma 1 koloko tinaima panja kudikirira mpira wofiira uja wa padenga. Umakwera theka nthawi ikatsala mphindi 5, kenaka pamwamba penipeni, nkugwa 1 koloko ndendende, ndipo akhala akuchita zimenezi kuyambira 1833 kuti oyendetsa sitima pa mtsinje wa Thames azitcherera mawotchi awo. Tonse 9 maso pamikono kuona kuti ya ndani ikunama. Seiko 5 ya malemu bambo anga inali patsogolo ndi masekondi pafupifupi 40.

Tsopano chimene tinapitira, mawotchi a John Harrison. Apa mundilole ndichedwepo chifukwa ndi pamene mtima wanga unatsalira.

Kale amalinyero akakhala pakati panyanja ankatha kudziwa kuti ali kumpoto kapena kummwera motani poyang'ana dzuwa ndi nyenyezi, koma za kum'mawa ndi kumadzulo zinali zongoganizira, ndipo anthu ankafa nazo. Mu 1707 sitima zinayi za nkhondo za ku Britain zinawomba miyala ku Scilly, anthu oposa 1,400 anamira. Mu 1714 nyumba ya malamulo inalonjeza mpaka mapaundi 20,000 kwa amene apeze njira. Njira yake pakamwa njosavuta: ukhale ndi wotchi yosunga nthawi ya kumene wachokera, uyerekeze ndi nthawi ya dzuwa pamene ulipo, mphindi 4 zilizonse zosiyana ndi digiri imodzi. Vuto linali loti wotchi yake kunalibe, chifukwa mawotchi abwino a nthawiyo anali a pendulamu, kachitsulo kolendewera kamene kamapita uku ndi uku, ndipo pendulamu musitima yogwedezeka siigwira ntchito, kuwonjezera apo kutentha, kuzizira, chinyontho cha mchere ndi mafuta ouma.

Harrison uyu anali kalipentala, abale. Anabadwa mu 1693, anakulira kumudzi ku Lincolnshire, za mawotchi anadziphunzitsa yekha ndipo oyambirira ake magiya anali a matabwa. Ankagwiritsa ntchito mtengo wina wolimba wotchedwa lignum vitae umene umatulutsa mafuta okha, kuti wotchi isamafune kuthiridwa mafuta. Yoyamba yake ya panyanja, H1 ya mu 1735, ndi chimakina cholemera makilogalamu oposa 30, chonyezimira, chili ndi timikono tiwiri tokhala ndi mipira kumapeto timene timapita uku ndi uku motsutsana, kuti sitima ikapendekera mbali ina, chimene kamodzi kataya kanzake kabweze. Ndipo ikuyendabe! Tinaima pagalasi paja mwina mphindi 20 osayankhulana kwenikweni, umangoona zinthu zikupuma ngati chamoyo. H3 inamutengera zaka 19, ndipo ngakhale sinamukhutiritse, m'menemo ndi mmene munachokera kachitsulo kophatikiza mitundu iwiri kamene kamapindika kukatentha, komwe lero kali m'maayironi ndi m'maketulo, achimwene a ku Coventry amene ndi amagetsi atamva zimenezo anagwira pakamwa.

Ndiye pambali pake pali H4. Ukachoka pa zimakina zitatu, H1, H2 ndi H3, nkufika apa umadabwa, chifukwa ndi wotchi ya m'thumba yokulirapo basi, masentimita 13, ngati kambale ka tiyi. Munthu atatha zaka zambirimbiri pa njira imodzi anavomera kuti yankho lili kwina nkuyambanso, ali ndi zaka za m'ma 60. Anaimaliza mu 1759, mwana wake William anapita nayo ku Jamaica mu 1761, ndipo atafika, atachotsera kachedwedwe kake kodziwika kale, inapezeka kuti yaphonya ndi masekondi 5 okha pa ulendo wa masiku 81. Ine yanga masekondi 40 pamlungu ndimaiyamikira. H4 yokhayo saiyendetsa, imangokhala duu, chifukwa iyo imafuna mafuta ndipo kuiyendetsa tsiku ndi tsiku kungadye zitsulo zake. Zinandikhudza kuiona ili chete pamene akulu ake akugunda.

Nkhomaliro tinadyera pakapinga, achemwali anabwera ndi mandasi ndi nkhuku, ena tinagula tchipisi. Kenaka sitima mpaka ku South Kensington, ulendo wake unatitengera pafupifupi ola.

Mu Science Museum, pansanjika yachiwiri, muli Clockmakers' Museum, kulowa kwaulere. Ndi katundu wa bungwe la amisiri a mawotchi a mu London limene linakhazikitsidwa mu 1631. Chipinda chake sichachikulu koma ndi chodzadza, ndipo kunena zoona nthawi inatichepera, tikadzapitanso tidzayambire kuno. Muli H5, imene Harrison anapanga atakalamba pamene akuluakulu oyang'anira mphotho ankamuzengereza, mpaka mfumu George III inaiyesa yokha mu 1772, ndipo chaka chotsatira nyumba ya malamulo inamupatsa mapaundi 8,750 ali ndi zaka 80. Anamwalira mu 1776. H5 ilibe zokongoletsa zambiri ngati H4, nkhope yake njoyera chabe, umachita kuona kuti mkuluyu anali atatopa ndi zosangalatsa anthu, ankangofuna iyende bwino. Tinaonanso wotchi ya pamkono ya Smiths imene Edmund Hillary anapita nayo ku Everest mu 1953, kanthu kakang'ono kosadzionetsera.

Mkangano wabwino unabuka pabenchi panja titatuluka. Achimwene a ku Coventry ali ndi wotchi ya Omega yakale pang'ono imene anagula kwa munthu, yolembedwa Co-Axial pankhope, ndiye mnyamata wathu wamng'ono pagulu, yemwe amavala smartwatch, anafunsa kuti mawuwo amatanthauza chiyani ndipo nchifukwa chiyani munthu angawononge ndalama pa wotchi imene imaposedwa ndi ya batire ya mapaundi 10. Funso labwino, ndipo zoti ya batire imasunga nthawi bwino palibe anatsutsa. Abambo a ku Leicester, amene anagwirako ntchito yokonza mawotchi ali achinyamata, anavula yawo nkutionetsa kumbuyo kwa galasi. Anati sipuling'i yaikulu imasunga mphamvu ukapukusa kapena ukamagwedeza mkono, magiya amaitenga, ndiye pali kachipangizo kamene kamaitulutsa pang'onopang'ono, escapement, kaja kamalira kuti tiki tiki, mu Seiko 5 kamagunda ka 6 pa sekondi. Mtundu umene uli m'mawotchi ambiri unapangidwa ndi Thomas Mudge m'zaka za m'ma 1750, ndipo timano take timakhulana ndi timiyala, nchifukwa chake pamafunika mafuta, mafuta akauma nthawi imayamba kusokonekera. George Daniels wa ku London anapanga mtundu wina m'ma 1970 umene m'malo mokhula umakankha, co-axial ija, anayenda nawo kumakampani a ku Switzerland kwa zaka zambiri akumukana, mpaka Omega inautulutsa mu 1999. Ine ndinangoti, si nkhondo yomweyija ya Harrison iyi, yolimbana ndi mafuta, patapita zaka 200?

Daniels ankapanga wotchi yonse yekha, kesi, nkhope, mivi, magiya, moti imodzi inkamutengera chaka kapena kuposa, ndipo moyo wake wonse mpaka pamene anamwalira mu 2011 anapanga zochepa kwambiri. Imodzi, Space Traveller, inagulidwa mapaundi 3.6 miliyoni ku kampani ya okushoni ya Sotheby's mu 2019. Koma nkhani imene inakhazika chete mnyamata uja ndi ya Roger Smith wa ku Bolton, pafupi ndi ife pompano. Iyeyu ali mnyamata anapanga wotchi ya m'thumba nkupita nayo kwa Daniels ku Isle of Man, mkuluyo anaikana kuti ikuchita kuoneka kuti yapangidwa ndi manja. Anabwerera nkukhala zaka zisanu akupanga yachiwiri, kubwereza zidutswa kangapo konse, mpaka Daniels anavomera. Yachiwiri yomweyo inagulidwa madola 4.9 miliyoni mu 2023, ndipo Smith mpaka pano ali ku Isle of Man ndi kagulu kochepa ka amisiri, amatulutsa mawotchi owerengeka pachaka.

Mitengo imeneyi ineyo siyondikopa, ndipo ndikuona kuti yawonongako zinthu, chifukwa ena akugula kuti atsekere m'sefa kudikira mtengo ukwere, wotchi osaimva kulira ngakhale tsiku limodzi. Chimene chinandigwira ndi manja. Bambo anga Seiko iyi anabwera nayo kuchokera ku Joni m'ma 1980, ndipo ikadwala ankapita nayo kwa mmisiri wina amene ankakhala pakhonde la sitolo ku Limbe, kathebulo kagalasi, kagalasi kena padiso, timasikuludalaiva m'chitini cha fodya. Ndinkaima pambali ndili mwana kumuona akutola kasikuluwu kochepa ngati njere ya therere osagwetsa. Pagalasi la H1 paja ndi munthu ameneyo amene anandibwerera m'mutu, ndipo ndinadzifunsa kuti amisiri ngati amenewo atsala angati, popeza ambiri lero ntchito yawo yangotsala yosintha mabatire ndi malamba. Wotchi iyi yadutsa m'manja mwake kangapo ndipo patha zaka pafupifupi 40 ikuyendabe, ndikadzatopa ndidzaipereka kwa mwana wanga wamkazi, wayamba kale kuifunsa.

M'sitima pobwerera tinagwirizana zinthu ziwiri. Ndalama zimene zatsala pa zosonkha msungichuma agulire zida zoyambira, timasikuludalaiva, zopanira, magalasi apadiso ndi mawotchi awiri atatu akufa a pa eBay oti tiziphunzirirapo. Ndiye abambo a ku Leicester avomera kutiphunzitsa kumasula ndi kumanganso, kunyumba kwawo, Loweruka loyamba la mwezi wamawa kuyambira 11 koloko. Mnyamata wa smartwatch uja ndi amene analembetsa dzina koyamba. Amene mukubwera nenani pagulu pofika Lachitatu kuti amayi adziwe ufa wokwanira, ndipo abambo akuti musadzole mafuta m'manja tsikulo.