Loweruka la mvula ku Nagoya, ndi makina odziwa kuima okha

Mvula yakuno ya mu June siidziwa kukata. Si ija ya kwathu yobwera ndi mabingu n'kupita. Iyi imangowaza tsiku lonse ngati chiperoni cha ku Thyolo, koma thukuta lili kamukamu. Zovala zomwe ndinachapa Lachinayi zidakali zonyowa pakhonde. M'malo mobindikira m'kachipinda konunkha chinyontho, ndinatenga ambulera n'kukwera sitima ya Meitetsu, siteshoni imodzi yokha mpaka pa Sako, kupita ku myuziyamu ya Toyota ija ya njerwa zofiira.

Ndisaname, ndimafuna magalimoto. Amalume anga adyera Hiace moyo wawo wonse pamsewu wa Limbe ndi Zomba, ndiye ndimati ndikajambule zoti ndiwatumizire. Koma ndikulowa chonchi, chimene chinandichingamira si galimoto ayi. Ndi chimakina chozungulira, chachitali kuposa munthu, chowombera nsalu, chomwe Sakichi Toyoda, bambo wa yemwe anayambitsa kampani ya magalimoto ya Toyota, anatulukira mu 1906. Nyumbayonso kale inali fakitale ya ulusi ndi nsalu. Ndinathera maola atatu ku mbali ya nsalu, kumagalimoto ndinangodutsako ngati munthu wothamangira basi.

Sakichiyu anabadwa mu 1867 kumudzi, dera lomwe lero ndi Kosai m'chigawo cha Shizuoka. Bambo ake anali kalipentala komanso mlimi, ndipo amayi am'mudzimo, kuphatikizapo mayi ake, ankawomba nsalu pamanja. Mnyamatayo ankakhala n'kumayang'anitsitsa ntchito ya amayiyo, anthu n'kumamuona ngati mutu sukugwira. Kwathunso akanamuseka: mwana wamwamuna, m'malo mogwira sowo ndi bambo ako, uli kakasi pambali pa amayi! Mu 1885 dziko la Japan linakhazikitsa lamulo la mapatenti, loti ukatulukira chinthu chatsopano boma likupatse chiphaso, wina asakubere luso kwa zaka zingapo. Lamulo limenelo ndi lomwe linamuyatsa moto. Mu 1890 anapita ku chionetsero cha makina ku Ueno, ku Tokyo, ndipo chaka chomwecho anamaliza makina ake oyamba amatabwa, oyendetsa ndi dzanja limodzi. Patenti yake inatuluka mu 1891, ali ndi zaka 24.

Makinawo sanamulemeretse. Anali oyendera mphamvu ya munthu basi, ndipo kabizinesi komwe anatsegula nawo ku Tokyo kanagwa. Chomwe chinamudyetsa ndi kamakina kena kokulungira ulusi, ndalama zake n'kumathira pa zomwe mtima wake unkafuna. Mu 1896 anapanga makina owomba nsalu oyendera injini, oyamba m'Japan, osakaniza matabwa ndi chitsulo kuti asakwere mtengo ngati ochokera ku Ulaya. Pomwalira anali ndi mapatenti 40 m'Japan mokha, osawerengera akunja.

Koma pomwe ndinaima nthawi yaitali ndi pa Type G, makina ake owomba nsalu a mu 1924. Mtsikana wina wogwira ntchito pamenepo anailiza kuti tione. Phokoso lake, chigayo chichepa. Kachipangizo konga kabwato konyamula ulusi wopingasa kamathamanga uku ndi uku mwakuti diso silingakatsate. Ulusi ukatsala pang'ono kutha m'kabwatomo, kena kodzaza kamakankha kanzakeko n'kulowa m'malo, makina osaima ngakhale pang'ono. Ndinaphethira, ndinaphonya. Anachita kubwereza.

Kenako anatiitana kuti tisendere pafupi. Pa ulusi uliwonse wa m'litali, ndipo ulusiwo ndi wambirimbiri, pakoloweka kachitsulo kopyapyala ngati lezala. Ulusi ukakhala wokungika, kachitsuloko kamalendewera m'mwamba. Iye anadula ulusi umodzi wokha. Kachitsulo kanagwa, kanatsekereza kamtanda koyenda pansi pake, ndipo chimakina chonse chija chinangoti zii. Popanda magetsi oganiza, popanda kompyuta. Kulemera kwa kachitsulo basi.

Apa m'pamene ndinamumvetsa munthuyu. Ine ndimaganiza kuti luso la makina ndi liwiro. Koma makina othamanga osadziwa kuima amangowomba nsalu yoboola mamita ndi mamita, ndipo pamafunika munthu woima pambali tsiku lonse maso ali tong'o. Akadziwa kuima okha, munthu mmodzi amayang'anira makina makumi angapo, n'kumangopita pomwe pachita zii. Ku Toyota nzeru imeneyi amaitcha jidoka, ndipo mpaka lero m'mafakitale awo wantchito akaona cholakwika ali ndi mphamvu yoimitsa mzere wonse. Ndinakumbukira telala wina wa pakhonde la sitolo kwathu, yemwe anandisokera yunifolomu msoko wonse ulusi wapansi utatha kalekale, iye ali kalikiliki kupalasa, nkhani zili pakamwa.

Pali china chomwe chinandikhudza. Mu 1910 Sakichi anachoka pa kampani yomwe inali ndi dzina lake lomwe, atasemphana ndi eni ndalama omwe sankafuna kuwononga chuma pa zoyesayesa. Anakwera sitima yapamadzi kupita ku America ndi ku Ulaya, anayendera mafakitale, n'kubwerako atatsimikiza kuti makina ake sachepa. Anatsegula fakitale yakeyake ya nsalu kuti aziyesera makinawo pa ntchito yeniyeni popanda womuwerengera masiku. Type G ija inatenga zaka zambiri chonchi, ndipo mwana wake Kiichiro, yemwe anaphunzira uinjiniya ku yunivesite ya Tokyo, anaikapo dzanja lalikulu. Mu 1929 kampani ya Platt Brothers ya ku Oldham, akatundu a makina a nsalu padziko lonse nthawi imeneyo, inagula ufulu wa patentiyo pa mapaundi 100,000. Angerezi kugula luso kwa mwana wa kalipentala wa kumudzi! Sakichi anamwalira mu October 1930, asanaone galimoto ndi imodzi yomwe ya banja lake. Kiichiro anatsegula nthambi ya magalimoto mkati mwa kampani ya makina a nsalu mu 1933, ndipo Toyota Motor inaima payokha mu 1937.

Ndinatuluka cha m'ma 4 koloko, mvula ikadawaza. Kwathu inali 9 koloko m'mawa, ndiye ndinawaimbira amalume ndili pansi pa denga la siteshoni. Anali pa depoti, ma kondakitala akukuwa kumbuyo.

"Amalume, mukudziwa kuti Hiace yanuyo agogo ake ndi makina owombera nsalu?"

"Iwe mphwanga, wayamba kumwa za kumeneko?"

Ndinawafotokozera za kachitsulo kaja, kuti ulusi ukaduka makina amaima okha. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti yawonso imaima yokha, makamaka pa chitunda cha Namadzi, ndipo safuna patenti, akufuna fyuwelo pampu. Andituma ndifunse mtengo wake kuno Lolemba.