Anati ndibweze foni m'chikwama

Lachinayi usiku. Kukuzizira, ndikulemba nditafunda bulangete mpaka m'khosi, tulo palibe.

Masana ndinapita kumsika wa Zigwagwa kuno ku Mzuzu kukafunsa mtengo wa matabwa a shelefu ya kukhitchini. Ndinapeza bambo wina wachikulire, jekete lake long'ambika m'zigongono, Chichewa chake chosakanikirana ndi Chitumbuka monga timachitira ambiri kuno. Nditadandaula kuti paini wakwera mtengo, anaseka. "Mayi, Chikangawa yatha. Ina tinadula, ina inapsa. Ine ndachekamo matabwa kuyambira ndili mnyamata, palibe kanjira kamene sindikadziwa." Akuyeza thabwa ndi tepi, osandiyang'ana n'komwe, anawonjezera kuti n'chifukwa chake anawatenga pokasaka ndege ija.

Kuno ukati ndege ija palibe amafunsa kuti iti. Dornier 228 ya asilikali, imene inanyamuka ku Lilongwe m'mawa wa pa 10 Juni 2024, itanyamula a Saulos Chilima, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti, ndi anthu ena 8, ulendo wa ku maliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Imayenera kutera pabwalo lathu lomweli cha m'ma 10 koloko, koma nyengo inakana, n'kutembenuka, n'kukagwera m'nkhalango ya Chikangawa. Enafe tsiku limenelo tinagonera pa wailesi ndi pa Facebook. Iwowa anali m'nkhalango.

Ndinakhala pa mulu wa matabwa, za shelefu zinathera pomwepo.

Anati nkhungu inali yoti munthu ali patsogolo pako pang'ono chabe sukumuona, ndiye ankaitanizana ndi likhweru. Mawawa osaleka. Masamba a paini akanyowa amaterera koopsa, potsetsereka umangotsika ndi matako. Iwo anavala nsapato zomwe anali nazo m'mawa, zamapepala, ndipo pofika usiku zala za kumapazi sankazimvanso. Tochi inali ya pafoni, batire n'kutha. Msilikali wina wachichepere, msinkhu wa mwana wawo womaliza, anawagawira theka la banzi lonyowa lochokera m'thumba la yunifomu, n'kuwafunsa monong'ona ngati kumeneko kuli njoka. "Ndinamuuza kuti kuzizira kumeneku njoka ili mtulo. Dzina lake sindinamufunse. Mpaka lero zimandiwawa."

Sanali m'gulu limene linayamba kuiona ndegeyo pa 11 Juni. Anafika uthenga utamveka kale. Zimene anaona pamenepo sananene, anangoti, "Zimenezo ayi, mayi." Koma anandiuza kuti chichokereni kumeneko sanabwererenso kukacheka m'nkhalango. Anagulitsa sowo, n'kubwera kudzakhala pamsika kugulitsa matabwa ocheka anzawo.

Apa m'pamene ndinatulutsa foni. Ndinapempha mwaulemu ndithu, kuti bambo, mundilole ndijambule mawu anu, zimenezi zisatayike. Anaika dzanja pamwamba pa foniyo.

"Bwezani m'chikwama. Mawa ndidzadzimva pa WhatsApp, atadula pakati, ataikako nyimbo ya maliro. Ndipo aliyense akamva kuti ndinaliko amafunsa chinthu chimodzi basi: inagwa yokha kapena anaigwetsa? Ine ndine wocheka matabwa, za ndege ndingadziwe chiyani? Palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsapo kuti nditafika kunyumba ndinagona bwanji."

Mawu amenewo ndi amene andikanika kuwameza.

Malipoti alipo. Komiti yofufuza imene ankatsogolera Justice Jabbar Alide inatulutsa lipoti lake mu Disembala 2024, akatswiri a ku Germany nawo analemba lawo popeza ndegeyo inapangidwa kwawo. Muli nthawi, muli nyengo, muli za makina. Amene anamwalira timawadziwa mayina, a Chilima tinawaperekeza mpaka ku Nsipe, ndipo n'koyenera kutero. Koma anthu amene anayenda m'nkhungu muja ndi angati, ndani? Asilikali, apolisi, a Red Cross, a zankhalango, anthu a m'midzi yozungulira, madalaivala amene anakakamira m'matope a misewu ya malole a matabwa. Timangowatchula ndi mawu amodzi, "opulumutsa", n'kudutsa. Msilikali mwina saloledwa n'komwe kuyankhula. Wocheka matabwa amaloledwa, koma akuopa, ndipo sindingamunene kuti akulakwa. Nkhaniyi tinaisandutsa ya ndale maliro asanathe, ndiye munthu wamba akatsegula pakamwa amadziwa kuti wina amuveka malaya a chipani.

Ndakwiya, koma sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani. Mwina tonse amene timafuna mboni pokhapokha ikanena zimene tinaganiza kale.

Abambo akunyumba nditawafotokozera pa chakudya anangoti, "Zisiye izo, udzaitanidwa kupolisi chifukwa cha shelefu." Anaseka okha. Ndiye anafunsa funso limene linandikwiyitsa kwambiri chifukwa linali lanzeru: ukajambula, ukazisunga kuti? Foni zanga sizikhalitsa, ikapanda kugwera m'madzi imabedwa pa depoti. National Archives ili ku Zomba, kutali. Kuno tili ndi kanyumba kathu kosungira zakale, ndipo ndimakaganizira, koma ndimakumbukiranso mmene laibulale ya ku Mzuni, yunivesite yathu ya kuno, inapsera mu Disembala 2015, mabuku onse aja phulusa usiku umodzi. Chinthu chotere chimafuna kusungidwa malo angapo, ndi pangano lomveka loti mwini mawu ndiye anene tsiku lotsegula, kaya patapita zaka 20, kaya iye atamwalira. Mwina bambo aja atamva pangano lotero akanachotsa dzanja pafoni. Mwinanso ayi.

Si Chikangawa yokha. Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anapha anthu oposa 1,000, ndipo ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, amene anayamba kukumba matope anali anyamata a m'dera lomwelo ndi makasu ndi mafosholo, thandizo lina lisanafike. Msuweni wanga anali mmodzi wa iwo. Zaka zonsezi timakamba za fizi, za feteleza, za mpira, koma za masiku amenewo ayi.

Ndamuimbira cha m'ma 9 koloko. Tinayamba ndi moni wautali, ana, odwala, kuzizira kwa kuno. Kenaka ndinamufunsa mosazungulira kuti achimwene, nthawi ija ya Freddy, munkatani mukabwerako kokumba kuja? Anakhala chete mpaka ndinaganiza kuti netiweki yadula. Ndiye anati, "Aaa asisi, zakale izo. Mwafunsiranji lero?" Ndisanayankhe anayamba kundiuza za njinga yake yamoto imene yafa kabureta, ngati ndingamuthandizeko kangachepe kumapeto a mwezi.

Ndavomera za kabureta. Wati Lamlungu akatuluka ku tchalitchi andiimbira yekha, koma sananene kuti tikakambe ziti.