Sabata ya Khrisimasi pa desiki ya Haiti

Sabata ya Khrisimasi ya 2024 desiki yathu ya nkhani zakunja inatsala ndi anthu owerengeka, ambiri ali kutchuthi, ndipo za Haiti zinagwera ife a shifiti ya madzulo. Mu Disembala nthawi ya ku Port-au-Prince, likulu la Haiti, imatsalira maola 7 pa yathu, motero za m'mawa kumeneko zimatipeza dzuwa likulowa. Lolemba linapita ndi lipoti la United Nations la ku Wharf Jérémie, ku Cité Soleil mumzinda womwewo, komwe zigawenga zinapha anthu oposa 200, ambiri okalamba, powaganizira ufiti.

Lachiwiri pa 24 ndiye linatiswa mtima. Unduna wa zaumoyo unaitana atolankhani ku mwambo wotsegulanso chipatala chachikulu cha boma, Hôpital Général, chomwe chinakhala chotseka miyezi yambiri chifukwa cha zigawenga. Ali chidikirire nduna, anyamata a Viv Ansanm, mgwirizano wa magulu a zigawenga, anayamba kuwombera. Atolankhani awiri, Markenzy Nathoux ndi Jimmy Jean, anafa pamodzi ndi wapolisi mmodzi, ena angapo anavulala.

Makanema anayamba kulowa pa WhatsApp nthawi yomweyo: anthu ali gone pansi, magazi pamalaya, foni ikunjenjemera m'manja mwa wojambula. Zoyenera kuchita atolankhanife timazidziwa. Choyamba si kanema, n'kuimbira mtolankhani wathu waganyu kuti timve ngati ali moyo. Kenako timapempha kanema weniweni wa m'foni ya wojambulayo, atumize ngati fayilo, chifukwa wodutsa m'magulu a WhatsApp amakhala atafufutika tsiku, nthawi ndi malo. Timayerekeza mpanda, geti ndi nyumba zooneka kumbuyo ndi zithunzi za setilaiti, n'kufufuza ngati kanemayo sanatulukepo kale. Chiwerengero cha akufa sitilemba popanda magwero awiri osadalirana, ndipo dzina la malemu silituluka abale asanamve.

Apa ndi pomwe zinavutira. Zonse zomveka m'makanemawo zinali m'Chikiliyo cha ku Haiti, koma pa shifiti panali mmodzi yekha womva Chifalansa. Mabwana amaganiza kuti ndi chiyankhulo chimodzi. Ayi ndithu, makamaka munthu akamakuwa ndi mantha zipolopolo zikulira. Womasulira Chikiliyo anamuchotsa kale pa bajeti. Ndiye uku tikudikira waganyu wathu, yemwe foni yake inali itathera moto poti magetsi kumeneko ndi a mwayi, uku telefoni ya mkulu ikulira: ena atulutsa kale, inu mukudikira chiyani?

Kenako unabwera kanema wa Johnson André, wodziwika ndi dzina loti Izo, mtsogoleri wa gulu la 5 Segond, lomwe ndi limodzi mwa magulu a Viv Ansanm, akunena kuti anachita ndi iwo chifukwa sanavomereze kuti chipatalacho chitsegulidwe. Ena ankafuna tiuulutse wonse. Tinakana. Munthu wotere amajambula kuti dziko limuope, ndipo ukauika wathunthu wamugwirira ganyu yaulere. Tinangolemba zomwe ananena, womasulira wina wodalirika atatsimikizira, popanda mawu ake kapena nkhope yake.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti nkhani zonsezi timazidyera pamsana pa anthu olipidwa pa nkhani imodzi imodzi. Alibe inshulansi, alibe chovala chotchinga zipolopolo, ngakhale chipewa cholimba. Njinga yamoto yowafikitsa pamalo amalipira okha. Tikafunsa, yankho limakhala loti katundu n'ngovuta kutumiza chichokereni pamene ndege ya Spirit Airlines inawomberedwa mu Novembala, America n'kuletsa ndege zake kutera ku Port-au-Prince. N'zoona, koma pempho lathu la zovalazi linalembedwa bwalo la ndegelo lisanatsekedwe.

Masiku otsalawo zinali za masiku onse. Nduna ya zaumoyo, Duckenson Lorthé Blema, inachotsedwa sabata isanathe. Boma la nduna yaikulu ya nthawiyo, Alix Didier Fils-Aimé, linapepesa anamfedwa, apolisi a ku Kenya pafupifupi 400 omwe anayamba kufika mu Juni kudzathandiza kulimbana ndi zigawenga anali osakwanirabe, ndipo m'munsi mwa nkhani iliyonse tinabwereza ndime yomweyo: Pulezidenti Jovenel Moïse anaphedwa pa 7 Julaye 2021, chisankho chomaliza chinali mu 2016. Lachisanu tinalembanso kalata yopempha zovala ndi womasulira. Anayankha kuti zidzakambidwa anthu akabwera kutchuthi.