Sabata yofukula mpikisano wa ku Eldora

Lolemba mkonzi wa pulogalamu yathu ya masewera anandiuza kuti omvera atopa ndi mpira wokhawokha, ndiye ndikonze kagawo ka mpikisano wa magalimoto umene unatha. Ndinasankha wa mapikapu a NASCAR, bungwe loyendetsa mipikisano ya magalimoto, pa bwalo la Eldora, ku Rossburg m'chigawo cha Ohio ku America. Upikapu wake ndi wa maonekedwe chabe, kumbuyo n'kotseka, simungakwezeko ngakhale thumba limodzi la chimanga.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinangokhalira makanema akale. Mpikisanowu unayamba mu 2013 ndi dzina loti Mudsummer Classic, kenako unadzatchedwa Eldora Dirt Derby. Chokoma chake chinali dothi. Chichokereni 1970, mipikisano ikuluikulu ya NASCAR inkachitikira pa phula basi, ndiye mwadzidzidzi akatswiri aja anapezeka pa kabwalo ka mamita pafupifupi 800, komwe Earl Baltes anatsegula mu 1954 ndipo katswiri wa NASCAR Tony Stewart anagula mu 2004. Padothi galimoto imakhota motsetsereka cham'mbali, ndipo dothi likamauma, njira yothamanga bwino imasuntha. Woyendetsa amene sakuliwerenga dothilo amatsalira.

Woyamba kupambana anali Austin Dillon, koma ine kanema amene ndinabwereza kwambiri ndi wa Norm Benning, bambo wa timu yosauka, akukhulana ndi anzake mpaka kupeza malo otsiriza olowera mumpikisano waukulu, galimoto itapindikapindika. Mpaka 2019, pamene Stewart Friesen anapambana, chaka chilichonse chinali ndi katswiri wake, kuphatikizapo Bubba Wallace ndi Kyle Larson.

Lachinayi tinatsutsana ndi mkonzi. Iwo ankafuna tingonena kuti Covid-19 ndiyo inaupha, poti wa 2020 unalepherekadi chifukwa cha mliriwo. Ndinakana. Mu 2021 NASCAR inapereka mpikisano wa dothi wa gulu lapamwamba la Cup ku bwalo la Bristol m'chigawo cha Tennessee, komwe anachita kuthira dothi pamwamba pa konkire, zomwe Tony Stewart sizinamusangalatse, ndipo mapikapu anapita ku Knoxville m'chigawo cha Iowa. Kwa ine nkhani yagona pamenepo: bwalo limene linabwezeretsa dothi ndilo linasiyidwa.

Lachisanu tinajambula. Mkonzi anadula theka la mbiri ya Baltes, koma za Bristol anazisiya momwe ndinalembera.