Dayisi ilibe ngongole ndi munthu

Dzulo ndagona mtima uli m'malo. Kwa masabata atatu chi-square, njira ya masamu yoyezera ngati zomwe zatuluka zikusiyana kwambiri ndi zomwe umayembekezera, yakhala ikundizunguza mutu. Fomula ndinaloweza, mayankho ndinkapeza, koma mukanandifunsa kuti nambala yotulukayo ikunena chiyani ndikanangoti kakasi. Chomwe chandimasula ndi dayisi ya Ludo ya kunyumba kwathu, yoyera ija yomwe madontho ake ayamba kufufutika.

Loweruka tinkasewera ndi achimwene ndi mlongo wanga. Ndinaponya kakhumi konse 6 osatuluka, anzanga akuzungulira bolodi, ine ndidakali m'nyumba. Ndinanenetsa kuti dayisiyi ndi yokondera. Achimwene anangoti, "Iwe si umaphunzira masamu? Tisonyeze."

Ndinayamba ndi chapafupi. Mwayi woti 6 asatuluke kakhumi motsatizana ndi 5/6 kuichulukitsa yokha kakhumi, ndipo imabwera pafupifupi 0.16. Ndiye kuti mwa anthu 6 oyamba masewera, mmodzi akhoza kuona zomwe ndinaonazo dayisi ili bwinobwino. Zinandikhazika pansi, koma sindinakhutire. Ndinatenga kope, n'kuponya ka 120 patebulo, mlongo wanga akulemba timizere. Zinatuluka motere: 1 ka 17, 2 ka 23, 3 ka 18, 4 ka 24, 5 ka 22, 6 ka 16. Nditaona 16 ija ndinati eya, ndaigwira. Nditawerengera, chi-square inabwera 2.9, pomwe malire ake pa 5% ndi 11.07, nambala yomwe dayisi yachilungamo imaipitirira ka 5 kokha pa 100, ndipo iyenera kupitiriridwa kuti unene kuti dayisi ndi yokondera. Kutalitali.

Apa m'pamene maso anatseguka. Nthawi yonseyi ndinkaganiza kuti dayisi yachilungamo imagawa mofanana, ngati mayi akugawa ndiwo kwa ana. Ayi ndithu. Chilungamo chake chili pa mwayi wa kuponya kulikonse pakokha, osati pa zomwe zatuluka ukaziwonkhetsa. Kusiyana kwa 16 ndi 24 n'kumene dayisi yabwino iyenera kuonetsa. Zikanatuluka 20, 20, 20 mpaka kumapeto, pamenepo m'pomwe ndikanayenera kukayika kuti mlongo wanga walemba zam'mutu. Choncho chi-square sifunsa ngati pali kusiyana, pakuti kusiyana kulipo nthawi zonse. Imafunsa ngati kusiyanako kwapitirira komwe mwayi wokha ungabweretse. Ndipo dayisi sikumbukira. Ukalephera kakhumi, ponyo lotsatira mwayi wa 6 ukadali 1/6, suwonjezeka chifukwa choti wadikira nthawi yaitali. Dayisi ilibe nawe ngongole.

Panopa njirayi ndaikonda kwambiri moti ndikuona ngati mkangano uliwonse wa pabolodi utha ndi kope ndi pensulo. Ena amayandamitsa dayisi m'madzi amchere kuti aone mbali yomwe imakonda kuyang'ana kumwamba. Kwa ine zimenezo n'zosakwanira, chifukwa zimangokuuza za kulemera kwa mkati, za ngodya ndi kagubuduzikidwe kake patebulo sizikuuza kanthu. Kuwerenga zotuluka kumagwira zonse pakamodzi.

Chomwe chikundiwawa n'choti m'kalasi mutuwu tinaudutsa tsiku limodzi. Aphunzitsi analemba fomula pabolodi, tebulo la malire, zitsanzo ziwiri, basi, ati nthawi yatha silabasi ndi yaitali. Ndikumvetsa kuti ali ndi anthu ambiri, koma dayisi imodzi m'thumba ikanalemera bwanji? Sanatiuze n'komwe kuti chi-square yomweyi inayesedwa koyamba pa madayisi. Katswiri wa masamu Karl Pearson atailemba mu 1900 anagwiritsa ntchito manambala a wasayansi mnzake Walter Weldon, yemwe anali ataponya madayisi 12 pamodzi ka 26,306, n'kumawerenga kuti 5 kapena 6 watuluka kangati. Akanakhala madayisi angwiro gawo lake likanakhala 0.3333, koma linabwera 0.3377. Kusiyana kochepa chonchi, koma pa maponyo ochuluka chotero sikungakhale kwa mwayi wokha. Chifukwa chomwe ambiri amapereka ndi madontho obowoledwa aja: mbali ya 6 yachotsedwa zambiri ndiye ndi yopepukirapo, ndipo kuseri kwake kuli 1 yemwe ndi wolemererapo, poti mbali zoyang'anizana zimapanga 7, ndiye mbali yolemerayo imakonda kugwera pansi, 6 n'kuyang'ana kumwamba. N'chifukwa chake madayisi a m'makasino madontho ake amadzazidwa ndi chinthu cholemera mofanana ndi dayisiyo, kuti pasakhale dzenje. Akanangotiuza nkhani imeneyi, mphindi zisanu zokha, masabata atatu sakanapita pachabe.

Koma nkhani ya Weldon yomweyi ndi imene yandisiya ndi funso. Iye anafunika maponyo zikwizikwi kuti aone kukondera kochepako. Anga ndi 120 okha. Ndiye 2.9 yanga ija sinanene kuti dayisi yathu ndi yachilungamo, yangonena kuti sindinaipeze ndi mlandu. Achimwene ndinawauza kuti dayisi ili bwino, iwo n'kuseka kuti ndagonja, koma mumtima ndikudziwa kuti ndinanena mopitirira umboni wanga. Ndiponye kangati kuti ndinene molimba mtima? Ndaona kuti yankho lili pa mutu wa power of a test (mwayi woti njirayi igwire kukondera ngati kulipodi), womwe sitinafikepo, ndipo mayeso ndi sabata yamawa. Komanso ngati kukondera kwake kuli kochepa moti pa Ludo ya madzulo amodzi sikungaoneke, kodi tizitchabe dayisiyo yokondera? Pamenepo ndiye sindinapeze poima.